Atsikana atatu, anyamata awiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalumbira kuti Esinati sadzavina paukwati wa achemwali anga. Ndinalumbirira kuseri kwa khola la mbuzi, ndili ndekha, nkulavula malovu pansi monga ndinkaonera akuluakulu, ndipo sindinkaseka ayi. Lero ndine mayi wa imvi, ndalera ana, ndaperekeza maliro a anthu ambiri amene anandilakwirapo, koma dzina la Esinati likatchulidwa mtima umanditenthabe. Ndiyambe ndanena chimene anandichita, kuti musandiyese mfiti.

Kwathu ndi kufupi ndi Ndunde, ku Chiradzulu. Makolo a amayi anachokera ku Mozambiki kalekale, ndipo anganga anga ankalankhula Chilomwe, Chinyanja chawo chili chokhotakhota. Masiku amenewo pasukulu munthu sankadzitama nacho Chilomwe, timachisiya pakhomo ngati khasu. Tsiku lina ndinaiwala chinangwa changa chophika, anganga nkundilondola nacho mpaka kusukulu. Anaima pawindo la kalasi, nkundiitana m'Chilomwe mokweza, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Esinati, mwana wa mwini golosale, anawatsanzira pomwepo, mawu ake enieni, kalasi yonse nkufa ndi phwete.

Zikanathera pamenepo ndikanameza. Koma m'mawa mwake, pakati pa phunziro la masamu, ndinapisa dzanja m'kajumbo kanga ka makope nkugwira chinthu chouma, chofwanyafwanya. Ndinachikoka. Linali khungu la njoka lofundula, lalitali kuposa mkono wanga. Ndinakuwa, ndinagwa chagada, ndipo ndisabise, ndinadzikodzera. Esinati anatembenuka mwaulemu kwambiri nkundifunsa kuti, “Wakuwiranji? Si ndiwo zakwanu zimenezo?”

Aphunzitsi nawonso anaseka, ataphimba pakamwa ndi dzanja la choko. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Elube linafa, ndinasanduka Nanjoka mpaka ndinachoka ku pulayimale. Kunyumba sindinauze munthu. Ndinangosiya kuwaperekeza anganga kumsika, ndikawaona akubwera panjira ndili ndi anzanga ndinkalowa m'chimanga. Iwo sanamvetse chifukwa chake, ankangonena kuti mwana wakula. Chimenechi ndicho sindinamukhululukire Esinati, kuti anandichititsa manyazi ndi anganga anga.

Ndiye kunabwera ukwati. Achemwali Dorofe, mwana wa amayi aakulu, ankakwatiwa ndi atsibweni ake a Esinati. Taonani tsoka, mdani wanga asanduke wachibale. Anasankha aperekezi khumi ndi awiri, atsikana asanu ndi mmodzi ndi anyamata asanu ndi mmodzi, ena akuchikazi ena akuchimuna. Ine ndinalimo, Esinati analimo, komanso Malita, mnzanga wa pondapampondepo, yemwe kwawo kunali kungodumpha ngalande kuchokera kwathu. Malita sanali wachibale wa aliyense. Achemwali Dorofe anangomukonda chifukwa ankawathandiza kutunga madzi, nkumutenga pamodzi ndi achimwene ake a Jemusi.

Amene simunakulire kumudzi mungaone ngati ndi zazing'ono. Kwa ife uperekezi unali ufumu. Mwezi wathunthu madzulo aliwonse mumayeserera masitepe pabwalo, wailesi ya kaseti ikulira, mabatire ake atayanikidwa padzuwa tsiku lonse kuti abwerere mphamvu. Mumasokeredwa diresi latsopano, nsalu imodzi nonse, lofika kunsi kwa mawondo monga linkafunira lamulo la nthawi imeneyo. Malita anali asanavalepo diresi losokera iye, ankangolandira zosiyidwa. Koma lamulo la mzere wa aperekezi linali limodzi ndipo aliyense ankalidziwa: mumayenda awiriawiri, mtsikana ndi mnyamata. Wosowa mnzake amatuluka, diresi nkulisiya.

Wosoka madiresi, yemwenso ankaphunzitsa masitepe ndi kugawa anthu, anali Anangondo, telala wa pakhonde la sitolo ina pa Ndunde. Anali mayi wamfupi, waukali, wonunkha mafuta a makina, ndipo nthawi zambiri ankalankhula maphini ali kukamwa. Za malangizo a moyo analibe nazo ntchito. Iwo ankafuna mzere wowongoka basi, ndipo maukwati onse a dera lathu ankadutsa m'manja mwawo.

Anali ndi njira yawoyawo yogawira aperekezi. Ankatenga chikatoni cha sopo nkubaya maphini mizere iwiri, kumanzere atsikana, kumanja anyamata, dzina lililonse lolembedwa ndi choko chosokera. Kenako ankamanga ulusi woyera kuchokera kwa mtsikana kupita kwa mnyamata aliyense amene angathe kuvina naye. Ulusi sunkalumikiza mtsikana ndi mtsikana, kapena mnyamata ndi mnyamata, unkangowoloka. Kuti ulusi umangidwe pankafunika zinthu zitatu: mnyamata asafupike kuposa mtsikana, awiriwo asakhale a mfunda umodzi chifukwa amenewo ndi munthu ndi mlongo wake, ndiponso makolo asakane. Akasankha kuti uyu avina ndi uyu, ankadutsitsapo ulusi wofiira. Ntchito inkatha pamene phini lililonse lili ndi ulusi wofiira umodzi, osaposa, osasowa.

Ndinachiyang'anitsitsa chikatoni chija tsiku lopima madiresi. Esinati anali wamtali ngati mlongoti. Anyamata omuyenera anali atatu okha: Waisoni, Lufeyo ndi a Jemusi. Enawo ankamulekeza m'khutu. Ine ndinali wapakatikati, maulusi anga anali anayi. Ndinaona kuti anyamata atatu aja akatengedwa, mwana wa mwini golosale atsala akuyang'ana kumwamba.

Ndinapangana ndi Malita ndi mtsikana wina dzina lake Rozi. Rozi ndinamunyengerera ndi mango, Malita sanafune chilichonse, chifukwa tsiku la njoka ndi iye anandibwereka chitenje nkundiperekeza kunyumba. Tsiku loyamba la masitepe Anangondo anachedwa, ndipo amayi aakulu anati tiyambe tagwirana tokha. Tinathamanga ngati nkhuku zoona madeya. Ine ndinagwira Waisoni, yemwe anali wamtali kuposa onse ndipo ankadziwa kuvina, Malita anagwira Lufeyo, Rozi anagwira a Jemusi. Ena awiri anagwira awo. Anatsala Esinati, ndi kamnyamata kakafupi kotchedwa Bizwiki, kamenenso kanali ka mfunda wa Phiri ngati iye.

Ndinamuona ataima pakati pa bwalo, manja ali lende, akuyang'ana uku ndi uku. Ana a m'mudzi amene anabwera kudzaonerera anayamba kunong'onezana. Abale anga, kukoma kwake kwa mphindi imeneyo sindidzakuiwala. Ndinkafuna dzuwa liime pomwepo.

Anangondo anafika, namva nkhaniyo, osadandaula nkomwe. Anakhala pampando, chikatoni pamiyendo, nkumanga ulusi wofiira monga tinagwiranira. Kenako anaika chala pa phini la Esinati. Anatsata ulusi woyera kufika kwa a Jemusi. Kuchoka kwa a Jemusi anatsata wofiira kubwerera kwa Rozi. Kuchoka kwa Rozi anatsata woyera kufika kwa Bizwiki, yemwe analibe mnzake. Anamasula wofiira wa pakati uja, namanga ofiira awiri m'malo mwa oyera aja. Esinati anapita kwa a Jemusi, Rozi anapita kwa Bizwiki, ndipo mzere unakwana nyimbo yoyamba isanathe.

Mango anga anapita pachabe, ndipo Esinati ankavina kumbuyo kwanga akumwetulira, osadziwa ngakhale kuti wapulumuka.

Mawa lake ndinapita kusitolo ngati ndikufuna kuona diresi langa. Ndinakhala pansi pafupi ndi makina nkumawatolera tizidutswa ta nsalu, mpaka ndinawafunsa momwe anachitira zija. Anandiuza akupalasa makina, osandiyang'ana. Anati munthu akasowa mnzake sulimbana ndi anthu onse ayi, umangoyambira pa iyeyo nkumayenda, woyera, wofiira, woyera, wofiira, mosinthanasinthana choncho. Ukatulukira pa mnyamata wopanda mnzake, basi wapambana, umangotembenuza mitundu ya ulusi m'njira yonseyo ndipo aliyense amene unamudutsa amakhalabe ndi wake. Anati njirayo nthawi zina imakhala yaifupi, nthawi zina imazungulira chikatoni chonse.

Ndinafunsa kuti nanga ikapanda kutulukira.

Apa anaimitsa makina, nalavulira maphini m'dzanja. “Ukapeza atsikana atatu amene maulusi awo onse akuthera pa anyamata awiri okha, palibe njira. Itana abusa, itana sing'anga, atatu sangakwane pa awiri. Mmodzi amatuluka.”

Ananenanso zina pambuyo pake, zoti ulusi susankha wotuluka, koma ine ndinali nditamva kale zimene ndinadzera. Ndinabwerera kunyumba ndikuwerenga zala. Malita nayenso anali wamtali, ndipo poti a Jemusi anali achimwene ake, maulusi ake anali awiri okha, Waisoni ndi Lufeyo. Ameneyo anali mmodzi. Ine ndikadula maulusi anga awiri nkutsala ndi Waisoni ndi Lufeyo, ndikhala wachiwiri. Esinati ndikamudulira wa a Jemusi, akhala wachitatu. Ine ndili kale ndi Waisoni, Malita ali kale ndi Lufeyo. Wosowa akhala ndani? Ndinaseka ndekha panjira mpaka amayi ena osenza nkhuni anandicheukira.

Ulusi wanga wa Bizwiki sunavute. Ndinabwereka nsapato za gogoda za achemwali Dorofe nkupita nazo ku masitepe, ndipo aliyense anaona yekha kuti ndamupitirira. Wa a Jemusi unafuna bodza. Ndinawauza Anangondo kuti abambo akana kuti ndivine nawo, chifukwa mbuzi za kwawo zinadya chimanga chathu ndipo nkhaniyo sinathe. Abambo ankagwira ntchito ku Limbe, ankabwera pakutha pa mwezi pokha, choncho panalibe wowafunsa. Amayi anali otanganidwa ndi kusinja ndi kupeta za ukwati. Malita anavomereza kuti zoona, mbuzi zinadyadi, akudziluma mlomo kuti asaseke. Anangondo anandiyang'ana nthawi yaitali, nadula.

Wotsala unali wa Esinati ndi a Jemusi, ndipo mpeni wake anandipatsa Malita yemwe. Kwathu kuno mfunda ena amatenga wa bambo, ena wa mayi, ndipo anthu amangozolowera umene munthu akuitanidwa nawo. A Jemusi ankatchedwa a Mbewe potsata bambo awo. Koma Malita anandinong'oneza kuti amayi awo ndi Anaphiri, kungoti aliyense ankawaitana ndi dzina la mwana, mfundawo unaiwalika. Akalekale amati mfunda weniweni ndi wa kuchikazi. Ndipo amake a mkwati, anganga ake a Esinati, anali a kalekale kwenikweni, Anaphiri osasekerera mwambo.

Ndinawapeza pachigayo. Ndinagwada, ndinawalonjera bwinobwino, ndinawathandiza kutula dengu. Kenako ndinanena ngati mwana wosadziwa kanthu kuti ukwatiwu ukoma, poti a Phiri awiri avinira limodzi, Esinati ndi mlongo wake a Jemusi. Anandifunsa kawiri. Ndinawafotokozera kawiri, maso ali pansi. Madzulo omwewo anafika pabwalo asanakasiye ndi ufa womwe, nkunena kuti mlongo sagwira mlongo wake m'chiuno anthu akuona, iwo ali moyo zimenezo ayi. Pamenepa sindinaname ngakhale liwu limodzi, ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Kunali kutatsala masiku asanu. Madiresi anali atasokedwa, kungotsala kupinda m'munsi. Kupeza mnyamata wina wamtali, kumusokera malaya ndi kumuphunzitsa masitepe a mwezi wathunthu sikukanatheka. Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo, amayi aakulu mbali iyi, amake a mkwati mbali iyo, ife aperekezi titaima mozungulira. Wailesi anaizimitsa kuti asawononge mabatire.

Anangondo anaika chala pa Esinati. Anapita kwa Waisoni, nabwerera kwa ine. Kuchoka kwa ine anapita kwa Lufeyo, nabwerera kwa Malita. Kuchoka kwa Malita ulusi unangobwerera kwa Waisoni komwe anachokera. Anayambanso, kudzera kwa Lufeyo, nazungulira chimodzimodzi. A Jemusi anali apo, phini lawo lopanda chofiira, koma panalibe njira yofikako. Chala chija chinkangozungulira pa anthu asanu omwe aja. Ndinkachitsata ndi maso, ndikuti leroli Nanjoka waluma.

Anangondo ananena kuti atsikana atatu, anyamata awiri, mmodzi atuluke pamodzi ndi mnyamata wotsalayo. Ndinayang'ana Esinati kuti ndione nkhope yake ikugwa. Koma amake a mkwati sanadikire. Anati mdzukulu wawo avina paukwati wa atsibweni ake, zimenezo nzosakambirana. Amayi aakulu nawo anati Elube ndi mng'ono wa mkwatibwi, sangatuluke. Anangondo anamasula ulusi wofiira wa Lufeyo pa phini la Malita nkuumanga pa phini la Esinati. Sizinatenge nthawi yoposa kumanga lamba wa nsapato.

Apa mpamene ndinamva zija Anangondo anandiuza ndili wosamvetsera. Kusowako sikunali kwa Esinati ayi, kunali kwa tonse atatu, ndipo kunkatha kusunthidwa ndi chala kuchoka pa uyu kupita pa uyo. Malita analibe anganga aukali pabwalopo, analibe amayi aakulu. Amayi ake anali kudimba.

Anangondo sanadzuke msanga. Anachotsa maphini kukamwa, nayang'ana ine ndekha pakati pa anthu onse aja.

“Pakusowa ulusi umodzi wokha. Elube akavina ndi Jemusi, Esinati atenga Waisoni, Malita abwerera kwa Lufeyo, ndipo palibe wotuluka. Iwe Elube, abambo ako anakanadi?”

Anandipatsa khomo lotsekula, anthu onse akumva. Ndikanangoti mwina ndinamva molakwa, zikanathera pompo, mwina ndi khofi limodzi la amayi. Koma ndinamva bwinobwino zimene ananena, zoti Esinati atenga Waisoni. Awiri aatali kuposa onse ndiwo amatsogolera mzere. Ndinamuona m'maganizo akulowa m'tchalitchi patsogolo pa tonse, atagwira dzanja limene ndinaligwira mwezi wathunthu, ine ndili kumbuyo kwake ndikuona msana. Ndinakumbukira kufwanyafwanya kwa khungu lija m'dzanja langa.

“Anakana,” ndinatero.

Malita anali ataima pambali panga, phewa lake likukhudza langa. Sindinamuyang'ane. Ndinangomva phewalo likuchoka. Akanatha kunena pomwepo kuti za mbuzi ndi bodza, ndipo akanapulumuka iye ndi achimwene ake. Koma anangovula nsapato zobwereka zimene ankayeserera nazo, naziika bwinobwino pafupi ndi mpando wa Anangondo, nadumpha ngalande kupita kwawo. A Jemusi anamutsata. Wina anayatsa wailesi ndipo tinapitiriza masitepe tili awiriawiri asanu.

Madzulo amenewo ndinadziuza kuti wolakwa ndi Esinati, ndipo ndinamuda kuposa kale. Ndinati akanapanda kuika njoka m'kajumbo kanga zonsezi sizikanachitika. Ndinadziuzanso kuti abambo akabwera ndiwauza, zinthu zikonzeka. Abambo anafika kutatsala tsiku limodzi, ali ndi thumba la mpunga pamutu, ndipo sindinawauze. Diresi la Malita Anangondo anali atalipasula kale, nkutulutsamo timadiresi tiwiri ta ana omwaza maluwa.

Tsiku la ukwati ndinatsogolera mzere ndi Waisoni, chifukwa gogoda zinandikweza. Esinati anali kumbuyo kwanga ndi Lufeyo. Chimenecho ndicho chokha ndinapata, kuti iye aone msana wanga. Tikutuluka m'tchalitchi, amayi akululutira, mpunga ukuwazidwa, ndinamuona Malita pakati pa ana oonerera pafupi ndi khomo. Anavala yunifomu ya sukulu, yochapa ndi kusita bwino, chifukwa ndiyo inali chovala chake chabwino koposa. Mapazi ake ankatsata masitepe pang'onopang'ono pafumbi, osaphonya ngakhale imodzi. Ndinasokoneza sitepe, Waisoni nkundikoka dzanja.

Esinati anavina, anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, anajambulidwa chithunzi, napita kwawo. Pomaliza anandiuzanso kuti, iwe Nanjoka umatha kuvina. Mpaka lero sindikhulupirira kuti anadziwa kuti panali nkhondo.

Ine ndi Malita sitinakangane. Zikanakhala bwino tikanakangana. Ankandiyankha moni, ankandibwereka labala m'kalasi, koma sanadumphenso ngalande ija. Chaka chotsatira ndinasankhidwa kupita ku sekondale, iye anatsala, ndipo kenako anakwatiwa cha ku Namadzi.

Ndinakhala mphunzitsi wa masamu, ndipo kwa zaka zambiri ndine ndinkagawa aphunzitsi m'makalasi pasukulu pathu. Ndili ku koleji ndinatsekula buku lina nkupeza chikatoni cha Anangondo chili momwemo, timadontho mizere iwiri ndi timizere towoloka. Zonse zinalimo, kuyenda mosinthanitsa mpaka utulukire pa wopanda mnzake, ndiponso zoti aliyense angapeze wake pokhapokha ngati palibe kagulu kamene anzake oyenera ndi ochepa kuposa iko. Anzanga ankavutika nazo. Ine ndinakhoza mosavuta, ndipo mphunzitsi anandiyamikira, osadziwa kuti ndinaziphunzira pa msana wa munthu.

Ndinakumana naye Malita patapita zaka zoposa makumi awiri. Ndinatsika minibasi pa Namadzi, ndipo anali atakhala kuseri kwa mulu wa tomato, mwana kumsana. Anandizindikira iye poyamba, nandiitana dzina langa lenileni. Tinafunsana za ana, za maliro, za mvula. Ndinazungulirazungulira mpaka ndinayamba kunena kuti paja paukwati wa achemwali Dorofe, abambo sanakane. Anaseka pang'ono akupukuta tomato ndi chitenje.

“Ukundiuza ine? Bodzalo tinaphika limodzi. Ndikanatha kunena, koma ndinkati unene ndiwe. Ndinadikira mpaka m'mawa wa ukwati, ndili nditasamba.”

Sanakwiye, sanalire, anandiwonjezeranso tomato awiri. Ndinakwera minibasi ndili ndi mawu amenewo, ndipo ndikadali nawo.

Esinati sindinamukhululukire, ndipo sindinama kuti ndinatero. Anandilakwira, analakwira anganga anga, ndipo sanapepesepo. Koma chimene ndikumvetsa tsopano nchakuti ukachepetsa malo kuti mdani wako asowe, iwe wangochepetsa malo basi, wosowayo amasankhidwa ndi ena. Ndipo anthu akamasankha wotuluka satulutsa wolakwa, amatulutsa amene alibe womulankhulira. Pabwalo lija Malita anali naye womulankhulira mmodzi, amene anafunsidwa mwachindunji, dzina lake kutchulidwa. Ameneyo ndinali ine, ndipo ndinati anakana.